Tiilemekeze bwanji wailesi ya MBC pamaso pa ana amene sanakule nayo?

Mphunzitsi wa ku Dedza

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya ophunzira okonda phunziroli. Chaka chilichonse kalabuyi imasankha mutu umodzi woti ikonzere chionetsero, ndipo ulendo uno ana asankha mbiri ya wailesi ya MBC, imene inakwanitsa zaka 60 mu 2024. Tagwirizana kuti chionetserocho chidzachitike pa 13 Febuluwale, tsiku limene mayiko amakumbukira wailesi potsatira ganizo la bungwe la UNESCO, ndipo tidzaitana makolo, mafumu ndi a komiti ya sukulu.

Za m'mabuku ndasonkhanitsa kale. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitangotha kumapeto kwa 1963, ndipo likulu lake lili ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Kwa zaka pafupifupi 30 inali nyumba yokhayo youlutsira mawu m'dziko muno. Radio 2 inabwera mu 1997, wailesi yakanema inayamba mu 1999, ndipo lamulo la 1998 limene linakhazikitsa bungwe la MACRA, loyang'anira mawailesi ndi matelefoni, ndi limene linapereka mpata woti mawailesi ena achuluke. Koma nditawawerengera ana zimenezi ndinaona kuti ayamba kuyasamula, mpaka mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati wailesiyo inali imodzi yokha, kodi anthu ankaikondadi kapena ankangosowa kolowera?" Ndinamuyankha mozungulira, ndipo nkhope yake inaonetsa kuti wadziwa kuti ndazungulira.

Palinso china chimene chikundisowetsa mtendere. Mnzanga amene timaphunzitsa naye akuti MBC inali cholankhulira cha boma kuyambira kalekale, choncho kuiyamikira pamaso pa ana n'kuwaphunzitsa mbiri yokometsera. Sindikugwirizana naye kwathunthu, chifukwa ine ndinakulira pa wailesi imeneyi, ndipo ena mwa ana omwewa ankamverapo maphunziro mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, komabe sindinganene kuti akunama. Poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndikupempha inu amene munaimvera wailesiyi zaka zimenezo kuti mundithandize. Kodi tiwaonetse chiyani anawa kuti amvetse chimene wailesi inali pamudzi? Nanga mbali yowawayo tiikambe motani pamaso pa mafumu ndi makolo amene ndi a zipani zosiyanasiyana?

Agogo a ku Ntcheu

Aphunzitsi, mwana wanuyo wafunsa funso lanzeru, ndipo mukamuuze kuti zonse ziwiri ndi zoona: tinkasowadi kolowera, komanso tinkaikonda. Munthu sasankha chitsime cha pamudzi, koma sizitanthauza kuti madzi ake sakoma.

M'zaka za m'ma 1970 ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo chinthu choyamba chachikulu chimene ndinagula nditasunga ndalama miyezi ingapo chinali wailesi ya Nzeru, imene inkapangidwa ku Blantyre konkuno. Mayi a kunyumba anailukira kansalu koiphimbira kuti isalowe fumbi, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti kuikhudza ndi mlandu. Mabatire akayamba kufooka tinkawayanika padzuwa pamwamba pa denga, madzulo n'kuwabwezeramo kuti atikankheko tsiku lina limodzi. M'nyumba zonse za mzere wathu mawailesi analipo awiri okha, choncho dzuwa likamalowa pakhonde pathu pankadzaza anthu, ena atabwera ndi mipando yawo. Wotchi tinalibe, wailesi ndi imene inkatiuza nthawi yodzuka, ndipo moni wa pa Tadzuka Sitidziwa Anzathu ukamamveka munthu unkadziwa kuti madzi osamba ayenera kukhala ali kale pamoto.

Koma ngati mukufuna chinthu chimodzi chokha choti anawo achigwire, ndikupemphani muwafotokozere za mauthenga achisoni. Nthawi yake ikakwana phokoso lonse linkatha, ngakhale ana ankatontholetsedwa, chifukwa aliyense anali ndi wachibale kutali. Muulutsi ankatchula dzina la munthu amene uthenga ukupita kwa iye, kumene akugwira ntchito, dzina la womwalirayo, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kenako n'kupempha kuti aliyense amene wamva amudziwitse mwini uthengawo. Mawu omalizawo sanali ongokometsera. Tsiku limene malume anga anamwalira ine ndinali ndisanaweruke, ndipo wailesi yanga inali chitsekereni. Amene anamva ndi mlonda wa pachipata, munthu wa ku Mulanje amene sitinkachezerana n'komwe, koma anakumbukira kuti kalaliki uja ndi wa ku Ntcheu. Anandifunafuna usiku ndi nyali m'manja, atandipeza anavula chipewa, n'kunditchulira mudzi wathu ndi dzina la malume popanda kuphonya. M'bandakucha ndinanyamuka kupita ku Limbe kukakwera basi, ndipo ndinafika kumudzi adzukulu atangomaliza kukumba manda. Ikanakhala kalata ndikanaipeza anthu atasesa kale.

Lero uthenga wotere umafika pa foni munthu asanatsekedwe n'komwe maso, ndiye mwana wa Fomu 3 sangaone chodabwitsa. Chimene ayenera kumva n'chakuti uthenga wa munthu mmodzi unkasenzedwa ndi dziko lonse, ndipo munthu wa ku Nsanje ankadziwa mayina a mafumu a ku Karonga chifukwa chowamva tsiku ndi tsiku pa maliro a anthu amene sanawaonepo.

Zosangalatsa zinaliponso zambiri. Sewero la Kapalepale linkatiseketsa mpaka misozi, ndipo mawa lake kuntchito anthu ankatsanzira mawu a Smart Likhaya Mbewe. Mpira wa Bullets ndi Wanderers tinkauonera m'makutu, bwalo la ku Chichiri tisanalipondepo. Alimi ankamverapo za nthawi yobzala ndi kathiridwe ka feteleza, ndipo pa Tiphunzire Chichewa ankatikonza chilankhulo chathu chomwe, ngakhale kuti ife a ku Ntcheu nthawi zina tinkang'ung'udza kuti Chichewa chimene akuchitcha cholondolacho si cha kwathu.

Mayi wa ku Rumphi wokhala ku Lilongwe

Agogo a ku Ntcheu, nkhani ya mlonda uja yandikhudza, ndipo sindikutsutsa ngakhale liwu limodzi pa zimene mwanena. Komabe ndikupempha aphunzitsi kuti mnzawo uja asamutaye, chifukwa chimene wanena chili ndi umboni umene ana angauwerenge okha.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo kuyambira pamenepo Chitumbuka, chimene chinkamveka pa wailesi kale, chinachotsedwa. Chinabwereranso mu 1994 boma litasintha, ndipo mu 1996 kunayamba nkhani za m'Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, kenako Chitonga chinatsatira. Zaka 26 si zochepa. Agogo anena kuti dziko lonse linkasenza uthenga wa munthu mmodzi, ndipo ndi zoona, koma nkhalamba zambiri za ku Mpoto ndi za m'madera a Ayao zinkadalira mwana wa sukulu kuti azimasulire zimene wailesi yanena. Tsiku limene mayi anga anamva nkhani m'Chitumbuka pa wailesi koyamba anasiya mpunga umene ankapeta, anakhala pansi, ndipo nkhanizo zitatha anatifunsa ngati mawa kudzakhalanso. Sanakambe za ndale, anangofunsa zimenezo.

Amene tinalipo tikukumbukiranso momwe pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira amene anafera dziko, wailesi inkakhalira ya nyimbo zachisoni ndi sewero la John Chilembwe, munthu osayerekeza kupita kumunda. Tikukumbukira zolankhula za Dr. Hastings Kamuzu Banda, zimene ankalankhula m'Chingerezi wina n'kumamasulira m'Chichewa, zikuulutsidwa kwa maola, pamodzi ndi nyimbo za amayi a Mbumba. Mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, anthu ambiri ankatsitsa mawu a wailesi usiku n'kumasakasaka BBC kapena wailesi ya ku South Africa imene inkaulutsa m'Chinyanja, kuti amve mbali imene kuno sinkanenedwa. Ndipo tisanamizane kuti zonse zinathera mu 1994, chifukwa pa zisankho zingapo zotsatira oyang'anira zisankho akhala akudandaula kuti wailesi ya boma imakondera chipani cholamula, posatengera kuti chipanicho ndi chiti. Mfundo imeneyi, aphunzitsi, ndi imene ingakupulumutseni pamaso pa makolo a zipani zosiyana, pakuti palibe amene angaloze mnzake chala.

Koma wailesi yomweyo ndi imene inalengeza zotsatira za riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitachitika, Dr. Banda anavomera kugonja kudzera pa wailesi yomweyo, anthu akumva ndi makutu awo m'midzi monse. Ndikuganiza kuti mtendere wa masiku amenewo unadaliranso pa chakuti anthu anamva mawu a mwini wake, osati mphekesera.

Langizo langa ndi lakuti musiyanitse eni mphamvu ndi anthu amene ankagwira ntchito pamenepo. Aulutsi ankawerenga zimene apatsidwa, akudziwa kuti kuphonya ulemu umodzi potchula dzina la mtsogoleri kukanatha kuwataitsa ntchito kapena kuposa pamenepo, komabe anthu omwewo ndi amene anatipatsa masewero, nyimbo ndi Zokonda Amayi, pulogalamu imene mpaka lero ili ndi magulu a amayi m'maboma ambiri amene amayenderana pa maliro ndi pa matenda. Pachionetsero chanu pakhale gome limodzi lofotokoza za zilankhulo ndi nkhani zimene sizinkamveka, ndipo ana aloledwe kufunsa makolo awo pomwepo.

Mnzanu wa ku Chipata

Ndikulemba kuchokera kutsidya lino la malire, ndipo ndingowonjezera pang'ono poyambira mbiriyo. Chaka cha 1964 ndi chiyambi cha MBC, koma si chiyambi cha Chinyanja pa wailesi. Anthu a ku Nyasaland anayamba kumva chilankhulo chawo kuchokera ku Lusaka, pa wailesi ya Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsira anthu akuda a mayiko atatu onse a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, kobulungira ngati sefuliya monga dzina lake likunenera, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Kawailesi kameneka ndi kamene kanalowetsa wailesi m'nyumba za anthu wamba, ndipo mmodzi mwa aulutsi otchuka a ku Lusaka masiku amenewo anali Alick Nkhata. Ngati mungapeze chithunzi chake cha kawailesiko, ana anu adzaseka kaye, kenako adzayamba kufunsa mafunso.

Kuno ku Chipata, Chadiza ndi Katete makolo athu ankamvera MBC ngati yawo, chifukwa Chichewa chake chinali cha pakhomo, ndipo mauthenga achisoni amene Agogo atchula ankatikhudza nafenso, poti mabanja ambiri ali ndi abale ku Mchinji ndi ku Lilongwe. Zinthu zinasintha pamene tinapeza mawailesi athuathu, monga Breeze FM imene Mike Daka anayambitsa kuno ku Chipata kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kumeneko kunatchuka Gogo Breeze, amene ankawerenga makalata a omvera ndi kuyenda m'midzi kukamva madandaulo awo a feteleza, malo ndi maukwati. Ndikutchula zimenezi pofuna kuyankha funso la mtsikana uja mwa njira ina: anthu atapatsidwa mwayi wosankha, anasankha wailesi imene inkatchula midzi yawo ndi kuwerenga makalata awo, chimene ndi chinthu chomwecho chimene makolo ankachikonda pa MBC.

Wodzipereka pa wailesi ya m'dera

Aphunzitsi ndi akuluakulu nonse, ine ndine wamng'ono pa zaka, MBC ya chipani chimodzi sindinaimvere, koma ndagwira ntchito mongodzipereka pa wailesi ina ya m'dera kwa zaka zingapo, ndipo ndikufuna kulankhulapo za kasungidwe ka mawu.

Mawu a pa wailesi akangoulutsidwa apita, ndipo ulemu waukulu umene wailesi ingalandire ndi wakuti wina awasunge. Zaka zimene m'dziko muno munalibe masitudiyo ambiri ojambulira nyimbo, MBC ndi imene inkajambula oimba, ena ku Chichiri, ena powatsatira m'maboma, ndipo nyimbo za bangwe, magule a m'midzi, makwaya ndi magulu a magitala opanga okha zinasungidwa pa matepi akuluakulu ozungulira. Matepi otere amaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo makina owaseweretsa akusowa, n'chifukwa chake ntchito yosamutsira nyimbozo mu kompyuta, imene inachitika ndi thandizo lochokera ku Norway, inali yofunika kwambiri. Ngati kalabu yanu ingakwanitse ulendo wa ku Blantyre, lembani kalata yopempha kuti ana akaone malowo, ndipo nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri ili pafupi pomwepo. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba.

Ndikulankhula chonchi chifukwa chinandionekera. Pa wailesi imene ndinkathandizako tinajambula agogo oposa khumi akufotokoza za njala, za ulendo wa ku migodi ya ku Joni ndi za momwe mudzi wawo unasamukira, ndipo zonsezo tinazisunga mu kompyuta imodzi yokha. Magetsi atabwera mwamphamvu usiku wina kompyutayo inapsa, ndipo pamene tinkaganiza zobwerera kukajambulanso, atatu mwa agogowo anali atatisiya. Mpaka lero ndikadutsa pamudzi umenewo ndimachita manyazi.

Choncho musadikire ulendo wa ku Blantyre. Mwana aliyense wa m'kalabu abwereke foni, akakhale pansi ndi agogo ake, ayambe wapempha chilolezo chowajambula ndi chodzaseweretsa mawuwo pagulu, kenako awafunse zinthu zogwirika: wailesi yoyamba pamudzi inali ya yani, ankaiika pati, ndani ankaloledwa kuitsegula, ndi uthenga uti umene sadzauiwala. Musawafunse ngati MBC inali yabwino kapena yoipa, chifukwa adzakuyankhani zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Mukajambula musunge malo atatu osiyana. Patsikulo, m'malo moti mwana aime kutsogolo n'kumawerenga zaka, seweretsani mawu a agogowo pa sipika, eni ake atakhala pomwepo.

Ndingapemphenso kuti gome lomaliza likhale la mawailesi amene anabwera pambuyo, kuti ana aone kumene mbiriyi inalowera. Dzimwe, imene inayambira ku Monkey Bay kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la UNESCO pamodzi ndi bungwe la amayi atolankhani, ndi imene imatchulidwa kuti inali yoyamba ya m'dera, ndipo pambuyo pake kunabwera ina monga ya ku Nkhotakota, ya ku Mzimba ndi Mudzi Wathu ku Mchinji. Zodiak inayamba mu 2005, ndipo woyambitsa wake, Gospel Kazako, anagwirapo ntchito ku MBC, monganso aulutsi ambiri amene anakakhazikitsa kapena kuphunzitsa anzawo m'mawailesi atsopanowa.

Mphunzitsi wa ku Dedza

Zikomo kwambiri nonse, mwandipatsa zoposa zimene ndinapempha. Mayankho anu ndawawerengera ana dzulo masana, ndipo nkhani ya mlonda wa ku Thyolo itatha m'kalasi munali zii, mpaka mnyamata wina ananena kuti agogo ake anamvanso za imfa ya mchemwali wawo mwa njira yomweyo ali ku Nchalo. Mnzanga uja wavomera kuyang'anira yekha gome la zilankhulo ndi nkhani zimene sizinkamveka, ndipo wati adzaika mawu a Mayi a ku Rumphi pamwamba pake ngati iwo angalole. Ana 14 atenga kale mafunso oti akafunse kwawo Loweruka likudzali, ndipo mtsikana wa Fomu 3 uja ndi amene tamusankha kuti asonkhanitse zojambulazo.

Chimene tikusowa tsopano ndi wailesi yeniyeni ya masiku amenewo yoti ana aione ndi kuikhudza. Agogo a ku Ntcheu, kodi Nzeru yanu ija ilipobe?

Agogo a ku Ntcheu

Ilipo, aphunzitsi, ili m'bokosi pansi pa bedi pamodzi ndi kansalu kake, ngakhale kuti chotsegulira mawu chinathyoka kalekale ndipo tinkachipotokola ndi pulayala. Sindikudziwa ngati ingalirebe, chifukwa yatha zaka zambiri osalawa batire. Mdzukulu wanga amapita ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndimuuza kuti adzatsike nayo pa Dedza. Ndikungopempha kuti ana asaitsegule kumbuyo, ndipo chionetsero chikatha ibwerere, chifukwa mayi amene analuka kansaluko anatisiya.